Chifukwa chiyani nyumba zachifumu za ku Crete ndi Mycenae sizinamangidwenso?

Pa 4 Epulo 1939, Carl Blegen wa ku yunivesite ya Cincinnati, amene ankafufuza mogwirizana ndi Konstantinos Kourouniotis wa ku Greece, anayambitsa ntchito yokumba ngalande yoyesera pa chitunda cha Ano Englianos, kumwera chakumadzulo kwa Peloponnese, dera la kumwera kwa Greece, ndipo dzuwa la tsiku lomwelo lisanalowe antchito ake anali atafika kale m'chipinda chimene alembi a mfumu ya ku Pylos ankasungiramo zolemba zawo. Chaka chimenecho anatola mapale adothi olembedwa pafupifupi 600, ndipo ntchito itayambiranso mu 1952, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itadutsa, chiwerengerocho chinakwera mpaka kupitirira 1,000. Mapalewo sanaumbidwe kuti akhalitse. Mlembi ankatenga dongo laliwisi, kulisalaza, kulembapo ndi kanthu kosongoka, n'kulisiya kuti liume lokha, ndipo nkhani yake ikatha ntchito linalibenso phindu. Chimene chinawalimbitsa ndi moto umene unapsereza nyumba yachifumuyo cha m'ma 1200 BC, moto umene unawawotcha monga mmene uvuni umasandutsira zidina kukhala njerwa.

Ntchito yonse yofukula nyumba zachifumu za ku Crete ndi za kumtunda kwa Greece yagona pa chodabwitsa chimenechi, chakuti zambiri zimene tikudziwa za nyumbazi tazidziwa chifukwa cha tsiku limene zinawonongeka. Nyumba imene eni ake asamukamo mwadongosolo imatsala yosesa, koma imene yapsa mwadzidzidzi imakwirira chilichonse pamalo pamene chinali, kaya ndi mitsuko ya mafuta, zikho zosanjidwa, zida za mmisiri kapena kaundula wa miyezi yomaliza. Komabe phulusa limanena zochepa. Limatiuza chimene chinapsa, ndipo mothandizidwa ndi kaumbidwe ka miphika yopezeka momwemo limatiuzanso nthawi yake mongoyerekeza, koma silitchula dzina la amene anayatsa. Kwa zaka zoposa 100 akatswiri akhala akukangana pa funso lakuti anawotcha ndani, ndipo ine ndikuona kuti funso limeneli lapatsidwa ulemu wopitirira muyezo. Nyumbazi zinagwa ndi kupsa kangapo konse, ndipo kawirikawiri eni ake ankasalaza bwinja n'kumanganso zoposa zoyamba zija. Chofunika kuchifotokoza ndi nthawi imene sanamangenso.

Nyumba zoyamba zinamangidwa pa chilumba cha Crete cha m'ma 1900 BC, ku Knossos, ku Phaistos ndi ku Malia, ndipo pambuyo pake zinadzaonekanso ku Zakros ndi ku Galatas. Zonse zinatsata kamangidwe kofanana. Pakati pankakhala bwalo lalikulu la makona anayi loyang'ana kumpoto ndi kumwera, limene ku Knossos ndi la mamita pafupifupi 50 m'litali ndi 25 m'lifupi, ndipo kuzungulira bwalolo kunali zipinda zambirimbiri zosanjikizana, malo a amisiri, malo opembedzera, ngalande zamiyala zochotsa madzi a mvula, komanso mizere ya nkhokwe zazitali zopapatiza zodzaza ndi mitsuko ikuluikulu ya mafuta a maolivi, vinyo ndi mbewu. Amene anazika maganizo akuti munkakhala mafumu ndi Arthur Evans, yemwe anayamba kufukula ku Knossos pa 23 Malichi 1900 ndipo anatchukitsa dzina la Minoan potengera Minos, mfumu ya m'nthano za Agiriki. Koma m'zithunzi zonse za pamakoma ndi pa zidindo za ku Crete mulibe munthu amene tingamuloze mosakayika n'kunena kuti mfumu ndi iyi, mosiyana kwambiri ndi ku Egypt, kumene farao amaonekera pakhoma lililonse. Tisaiwalenso kuti woyamba kukumba pa chitunda cha Knossos sanali Evans koma Minos Kalokairinos, wamalonda wa ku Heraklion, amene anafika pa mitsuko ya m'nkhokwe za kumadzulo mu 1878, ndiponso kuti mlendo wokaona malowa lero ayenera kudziwa kuti mizati yofiira ndi zipinda zam'mwamba zimene zimadzaza zithunzi za pa intaneti, zambiri ndi konkire ya m'zaka za m'ma 1920.

Cha m'ma 1700 BC nyumba zoyambazi zinagwa, ndipo ambiri amaloza chivomerezi, chimene si chachilendo ku Crete. Ku Anemospilia, m'mbali mwa phiri la Juktas kumwera kwa Knossos, Yannis Sakellarakis ndi mkazi wake Efi anafukula mu 1979 kanyumba kopembedzeramo kamene kanagwera anthu, ndipo mmodzi mwa akufawo anali mnyamata wogona pamalo okwera ngati guwa, mpeni waukulu wamkuwa uli pathupi pake. Ofukulawo ananena kuti imeneyi inali nsembe ya munthu yoperekedwa pofuna kuletsa chivomerezi, ndipo mawu awo anautsa mkangano umene sunazirale mpaka lero. Koma chimene ine ndikuchiona kukhala chachikulu ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Ku Phaistos omanga anathira zigumukire zosakaniza ndi laimu pamwamba pa zipinda zakale n'kumanga nyumba yatsopano, motero mosadziwa anasungira ofukula a ku Italy nyumba yakaleyo pamodzi ndi miphika yake yokongola ya mtundu wotchedwa Kamares. Ku Knossos ndi ku Malia anamanganso. Nyengo yotsatirayi ndiyo inali ya ulemerero waukulu wa Crete, pamene zolemba za m'zilembo za ku Crete zotchedwa Linear A zinafalikira pachilumba chonse ndi kuzilumba zoyandikana, ndipo m'manda a nduna za ku Thebes ya ku Egypt, monga a Rekhmire, anajambulamo anthu otchedwa Keftiu atanyamula ziwiya za kapangidwe ka ku Crete. Tsoka linali lalikulu, koma ulamuliro umene unkasonkhanitsa amisiri, miyala, matabwa ndi chakudya cha antchito unali wamoyo, ndipo unadzutsa makoma.

Cha m'ma 1450 BC zinthu zinayenda mwina. Moto unapsereza Phaistos, Malia, Zakros, Hagia Triada, Gournia, Palaikastro ndi malo ena ambiri, ndipo ulendo uno Phaistos, Malia ndi Zakros sizinadzukenso ngati malikulu. Zakros, kugombe la kum'mawa, ndiyo imasonyeza bwino kudzidzimutsa kwa tsokalo, chifukwa Nikolaos Platon atayamba kuifukula mu 1961 anaipeza yosafunkhidwa. M'chipinda chosungira ziwiya zopatulika munali zikho zamiyala zambiri, kuphatikizapo chotengera chosemedwa ku mwala woonekera ngati galasi, m'zipinda zina munali minyanga ya njovu ndi zidutswa zikuluzikulu za mkuwa wosasula, ndipo m'chitsime anapezamo chikho cha zipatso za maolivi zimene madzi anazisunga zikadali ndi mnofu wake.

Mu 1939 Spyridon Marinatos anapereka yankho lokopa kwambiri, lakuti zonsezi zinadza chifukwa cha kuphulika kwa phiri la pa chilumba cha Thera, chimene chimadziwikanso kuti Santorini, makilomita pafupifupi 110 kumpoto kwa Crete. Iye ankati zivomerezi, mafunde aakulu ndi phulusa zinawononga madoko, zombo ndi minda nthawi imodzi. Pofuna umboni anayamba kufukula ku Akrotiri, pa Thera pomwepo, mu 1967, ndipo anapeza tauni yokwiririka ya nyumba zosanjikizana kawiri ngakhale katatu, zithunzi za pamakoma zikadali zowala. Iye anamwalirira pamalo omwewo mu 1974. Koma umboni umene anaufukula ndi womwewo umene unafooketsa maganizo ake. Miphika ya ku Akrotiri ndi ya kaumbidwe kakale kuposa yopezeka m'nyumba zopsa za ku Crete, ndipo ku Mochlos, kugombe la kumpoto kwa Crete, ofukula anapeza phulusa la Thera pansi pa nyumba zimene zinamangidwa phirilo litaphulika kale n'kudzawonongeka patapita nthawi. Nthambi ya mtengo wa maolivi imene inakwiririka pa Thera, itayezedwa ndi njira ya kaboni, inapereka zaka za pakati pa 1627 ndi 1600 BC malinga ndi zimene zinalengezedwa mu 2006, pamene ofukula ambiri, poyerekeza ndi mbiri ya Egypt, amakonda chaka chapafupi ndi 1500 BC. Kaya titenge chiti, pakati pa phirilo ndi motowo pali zaka makumi angapo, mwinanso zoposa 100, ndipo phiri silingayatse nyumba patapita mibadwo iwiri.

Jan Driessen ndi Colin Macdonald, polemba mu 1997, sanalitaye phirilo, koma analipatsa ntchito ina. Iwo anati kuphulikako kunayambitsa kufooka kwa pang'onopang'ono, ndipo analoza zizindikiro zimene zimapezeka m'zaka za pakati pa phirilo ndi motowo, monga makomo otsekedwa ndi miyala, zipinda zokongola zosandutsidwa nkhokwe, zitsime zokumbidwa chatsopano ndi ziwiya zamkuwa zobisidwa pansi. Choposa zonsezi n'chakuti moto wa mu 1450 unkasankha. Ku Myrtos Pyrgos nyumba yaikulu ya pamwamba pa chitunda inapsa pamene nyumba wamba zoizungulira zinatsala. Ku Palaikastro, pakati pa 1987 ndi 1990, ofukula anatola zidutswa mazanamazana za fano la mnyamata lotalika pafupifupi theka la mita, losemedwa ku mano a mvuu, lovekedwa golide, la maso a mwala woonekera. Thunthu lake linali pabwalo kunja kwa nyumba, miyendo ili m'kati m'moto, ndipo nkhope inali itaphwanyidwa. Chivomerezi sichisankha nkhope ya fano. Amene anachita zimenezi anali munthu, ndipo anali ndi mkwiyo pa chimene fanolo linkaimira.

Munthuyo akhoza kukhala wa pachilumba pomwepo kapena wochokera kutsidya, ndipo pamenepa m'pamene Knossos imavuta. Nyumba yachifumu ya ku Knossos inapulumuka moto wa mu 1450 ngakhale kuti nyumba zina za m'tauni yake zinapsa, ndipo m'zipinda zake Evans anapeza mapale oposa 3,000 olembedwa m'zilembo zimene anazitcha Linear B. Mpaka imfa yake mu 1941 iye ankakhulupirira kuti chinenero chake chinali cha ku Crete ndiponso kuti Knossos ndiyo inkalamulira Mycenae, mzinda wa kumtunda kwa Greece. Alice Kober wa ku Brooklyn College anasonyeza kuti mawu a m'mapalewo amasintha kumathero motsata malamulo okhazikika, ndipo Michael Ventris, katswiri wolemba mapulani a nyumba, anamanga pa maziko amenewo mpaka analengeza pa wailesi ya BBC pa 1 Julayi 1952 kuti chinenerocho ndi Chigiriki chakale. Linear A, zilembo za eni chilumba, sizinawerengedwebe. Choncho pambuyo pa 1450 Knossos inkayendetsedwa m'Chigiriki, ndipo pafupi nayo panayamba kupezeka manda a amuna oikidwa ndi malupanga ndi mikondo. Zimenezi zimaoneka ngati kulanda dziko, komabe Argyro Nafplioti atayeza mano a ena mwa oikidwa m'manda a nthawiyo, zotsatira zimene anazifalitsa mu 2008 zinagwirizana ndi anthu okulira ku Crete komweko, osati kudera la Mycenae. Mbali inayi, manda a wankhondo amene Jack Davis ndi Sharon Stocker anawapeza ku Pylos mu 2015, a zaka zapafupi ndi 1450 BC, anali ndi mphete zinayi zagolide ndi zidindo zambiri za luso la ku Crete. Mabanja olemera a mbali ziwirizi anali atalowererana kale, ndipo n'kutheka ndithu kuti akutsidya anabwera moitanidwa ndi mbali imodzi ya mkangano wa pachilumba.

Knossos ya Chigirikiyi inali ya mtundu wina. Mapale ake amawerenga nkhosa pafupifupi 100,000, gulu lililonse ndi mbusa wake ndi mlingo wa ubweya umene linkayenera kupereka, komanso magulu a akazi oomba nsalu, magaleta ankhondo ndi mawilo ake. Kenako nayonso inapsa. Evans anaika motowo cha m'ma 1400 BC, ambiri lero amauika pakati pa 1375 ndi 1350, ndipo Leonard Palmer wa ku Oxford, atawerenga mabuku a tsiku ndi tsiku a Duncan Mackenzie, amene ankayang'anira kukumbako, anaimba Evans mlandu wosokoneza malo amene mapale ena anapezeka, nati mapalewo ndi a zaka zoyandikira 1200. Mkanganowu unali wowawa, ndipo gwero lake n'lakuti dothi likachotsedwa silibwereranso pamalo pake. Chimene sichinalembedwe bwino mu 1900 palibe angakachionenso.

Kumtunda kwa Greece nyumba zachifumu zinakula m'zaka za pakati pa 1400 ndi 1200 BC, ku Mycenae, Tiryns, Pylos, Thebes, ndi ku Agios Vasileios pafupi ndi Sparta, imene inadziwika posachedwapa. Kamangidwe kake kokha kamanena kusiyana kwa ulamuliro. Pakati pa nyumba ya ku Crete pali bwalo lotseguka, koma pakati pa ya ku Mycenae kapena Pylos pali chipinda chimodzi chachikulu, cholowera kudzera pakhonde ndi kachipinda kodikirira, chokhala ndi malo ozungulira osonkhapo moto otambalala mamita pafupifupi 4, mizati inayi, ndi mpando wachifumu kukhoma la kumanja. Pano mfumu ilipo, ndipo mapale amaitchula kuti wanax. Dziko la Pylos linagawidwa m'zigawo ziwiri ndi maboma 16, lililonse ndi msonkho wake wa zikopa, nsalu ndi zinthu zina. Osula ankalandira mkuwa woyezedwa pasikelo n'kubweza zida. Akazi mazanamazana ndi ana awo, opera tirigu, opota ulusi ndi oomba nsalu, ankalandira phoso la mwezi la tirigu ndi nkhuyu, ndipo magulu ena amatchulidwa ndi kwawo, ku Miletus, ku Knidos ndi ku Lemnos, zimene zikusonyeza kuti anagulidwa kapena kugwidwa kutsidya la nyanja. Mafuta a maolivi ankawanunkhiritsa ndi maluwa ndi zitsamba kuti akhale malonda a mtengo wapatali. M'kachipinda kamodzi kokha Blegen anawerenga zikho za vinyo 2,853, umboni wa maphwando amene mfumu inkakometsera ubale wake ndi anthu a m'maboma.

Kuyambira cha m'ma 1250 BC miyala imayamba kuonetsa mantha. Ku Mycenae nyumba za kunja kwa linga, kuphatikizapo imene ofukula anaitcha ya wogulitsa mafuta, zinapsa. Linga linakulitsidwa, Chipata cha Mikango chinamangidwa, ndipo pambuyo pake anaboola njira ya masitepe yotsika pansi pa khoma kukafika pa madzi obisika. Ku Tiryns ndi pa Acropolis ya ku Athens anachitanso chimodzimodzi, ndipo munthu sakumba njira ya madzi m'kati mwa linga pokhapokha ngati akuyembekezera kuzingidwa. Pylos sinamange linga la miyala ikuluikulu ngati limeneli, koma inatseka makomo ena, inazinga mabwalo ndi makoma, n'kukokera nkhokwe ndi malo a amisiri pafupi ndi mfumu. Kenako, m'zaka makumi ochepa kuzungulira 1200 BC, Mycenae, Tiryns, Midea, Thebes, Gla ndi Pylos zonse zinawonongeka.

Mapale a ku Pylos ndi a miyezi yomaliza, motero ndi chiyeso chachikulu kuwawerenga ngati kulira kwa anthu oona mdani akubwera. Gulu lina la mapale limayamba ndi mawu onena za alonda olondera m'mbali mwa nyanja, n'kundandalika amuna pafupifupi 800 m'malo awo. Lina limatchula opalasa ngalawa 30 opita ku Pleuron, linanso opalasa oposa 500. Lina limalamula akuluakulu a maboma kuti asonkhe mkuwa, umene ambiri amauwerenga kuti wa m'makachisi, wosulira nsonga za mikondo ndi nthungo, pamene mapale ena akusonyeza kuti osula ambiri analibe mkuwa wogwirira ntchito. Palinso phale lolembedwa mothamanga mbali zonse ziwiri, lotchula ziwiya zagolide pamodzi ndi amuna ndi akazi operekedwa kwa milungu, limene John Chadwick, mnzake wa Ventris, analiganizira kuti likunena za nsembe za anthu. Thomas Palaima wa ku yunivesite ya Texas anachenjeza kuti tilibe mapale a chaka china chilichonse oti tiyerekezere nawo, ndiye kuti alonda a kugombe akhoza kukhala ntchito ya chaka ndi chaka, ndipo ine ndili mbali yake. Alembi omwewo, m'miyezi yomweyo, ankawerenga mipando ndi matebulo okongoletsedwa ndi minyanga, mawilo a magaleta ndi ng'ombe za phwando. Chimene dothi limatsimikiza n'chakuti moto unali waukali, wodyetsedwa ndi mafuta a m'nkhokwe ndi matabwa a m'makoma, ndiponso kuti m'zipindamo simunapezeke mitembo ya omenya nkhondo, ndipo zinthu zamtengo wapatali zinali zitachotsedwa kale.

Oganiziridwa alipo ambiri, ndipo aliyense ali ndi pothawira. Akale ankaloza Adoriani, Agiriki ena amene nthano zimati anatsika kuchokera kumpoto, koma pambuyo pa moto miphika, manda ndi nyumba zimapitirira mwa kachitidwe ka Mycenae, popanda chizindikiro chomveka cha mtundu watsopano wolanda dziko. Ena amaloza anthu a panyanja amene Farao Ramesses III, pa makoma a kachisi wake ku Medinet Habu ku Egypt, amati anawagonjetsa m'chaka chachisanu ndi chitatu cha ufumu wake, cha m'ma 1177 BC, ndipo n'zoona kuti mfumu ya ku Ugarit, doko la kugombe la Syria, mzinda wake usanawonongeke cha m'ma 1185, inalemba kalata yodandaula za zombo zisanu ndi ziwiri za adani pamene asilikali ake ndi zombo zake zinali kutali. Koma miphika yoyambirira ya Afilisti ku Ashdod ndi ku Ekron ikufanana kwambiri ndi ya ku Aegean, dera la Greece ndi zilumba zake, kutanthauza kuti ena mwa anthu a panyanjawo anali othawa tsoka lomweli, osati oliyambitsa okha. Klaus Kilian, amene anafukula ku Tiryns, ankakhulupirira chivomerezi, koma kafukufuku wa Klaus-Günter Hinzen, Joseph Maran ndi anzawo, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti n'zokayikitsa kuti chivomerezi ndicho chinagwetsa Tiryns ndi Midea. Chilala chili ndi umboni wabwinoko. Farao Merneptah anadzitama kuti anatumiza tirigu kudziko la Ahiti kuti asafe ndi njala, ndipo mizere ya m'matabwa a ku Gordion, malinga ndi Sturt Manning ndi anzake mu 2023, imasonyeza zaka zitatu zotsatizana zouma kwambiri, kuyambira 1198 mpaka 1196 BC. Komatu umenewu ndi umboni wa pakati pa Anatolia, ku Turkey ya lero, ndipo chilala chokha sichiyatsa nyumba.

Ngakhale titapeza mawa phale lotchula dzina la wowotcha Pylos, funso lalikulu lingatsalebe, pakuti Crete inagwa mu 1700 n'kudzuka, ndipo ku Mycenae nyumba zina zinapsa cha m'ma 1250 koma eni ake analimbitsa makoma. Yankho limene likundikhutiritsa lili m'mapale momwemo, m'zinthu zimene alembi sankazilemba. Nyumba yachifumu sinkayendetsa chuma chonse. Inkasamala za ubweya, bafuta, mafuta onunkhira, mkuwa ndi magaleta, ndiye kuti zinthu zopatsa ulemu ndi zogulitsa kunja, ndipo zimenezi zinkadalira njira zazitali za panyanja. Chombo chimene chinamira ku Uluburun, kugombe la kumwera kwa Turkey, cha m'ma 1300 BC, chinanyamula matani 10 a mkuwa ndi tani imodzi ya tini, mlingo woyenera posakaniza zitsulo ziwirizi, ndipo tini ankachokera kutali kwambiri. Pansi pa zonsezi panali midzi, yolima ndi kuweta mwa iyo yokha, yokhala ndi mphamvu yakeyake pa malo. Phale lina la ku Pylos limasunga mlandu wa wansembe wamkazi dzina lake Eritha, amene ankati munda wake ndi wa mulungu, pamene msonkhano wa anthu a m'deralo unkati ndi wobwereka monga minda ina yonse, ndipo mlembi anangolemba mbali zonse ziwiri. Madoko a kum'mawa atawonongeka nthawi imodzi, mfumu inalibenso mkuwa wopatsa osula kapena mphatso zogawira nduna, ndipo mudzi, umene unkapereka msonkho ndi antchito, unalibe chifukwa chosenzeranso miyala.

Sindikunena kuti anthu wamba anapumula. Ku Messenia, dziko la Pylos, midzi yambiri inasiyidwa ndipo chiwerengero cha anthu chinatsika kwambiri. Ku Boeotia madamu ndi ngalande zimene zinkaphwetsa nyanja ya Kopais pafupi ndi Gla zinasowa ozisamala, madzi anabwerera m'minda, ndipo ntchito yaikulu yoiphwetsanso inadikira mpaka zaka za m'ma 1800. Ku Crete anthu anakwera kumapiri ouma ngati Karphi, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja, kumene munthu sasankha kukhala ngati kuchigwa kuli mtendere. Koma ku Tiryns tauni ya m'munsi inakula pambuyo pa moto, ndipo m'bwinja la chipinda chachifumu wina anamangamo nyumba yopapatiza, yotenga pafupifupi theka la malowo, n'kusunga pamene panali mpando. Wolamulira ameneyu ankafuna ulemu wa wanax, koma analibe alembi, ojambula pamakoma kapena osema minyanga. Chinenero chinapitirira, ndipo Zeus, Hera, Poseidon, Hermes ndi Dionysus, amene mayina awo ali kale m'mapale a Linear B, anapitirizabe kupembedzedwa.

Zimene zinafa ndi zimene zinali za nyumba yachifumu yokha, ndipo kulemba kunali chimodzi mwa izo. Poyang'ana kalembedwe, akatswiri amasiyanitsa alembi pafupifupi 30 ku Pylos, ndipo m'mapale onse a Linear B mulibe kalata, malamulo a dziko, pemphero kapena ndakatulo, koma kuwerenga katundu ndi anthu basi. Nkhokwe zitapsa, luso limeneli linalibe ntchito ina, ndipo Greece inakhala zaka pafupifupi 400 yosalemba, kupatula ku Cyprus kumene kunali zilembo za mtundu wina. Agiriki atayambanso kulemba m'zaka za m'ma 700 BC, anabwereka zilembo za Afoinike, ndipo chimodzi mwa zolemba zoyambirira zimene zatsala, cha m'ma 740 BC, chinazokotedwa pa mtsuko wa vinyo wopezeka kumanda a Dipylon ku Athens, kulonjeza mphoto kwa wovina mokoma kuposa anzake onse.